Khasu Limene Anandisiyira Amake Lute

Pa komboni ya esiteti ya tiyi, munthu akangolengeza kuti akubwerera kwawo ku Malawi, amapeza abwenzi amene sankawadziwa n'komwe. Ndaona kutsanzikana kochuluka ine, ndipo sindinganame, kumandinyansa. Amayi amabwera nkhope zili zakugwa, kulira mpaka mamina, koma diso limodzi lili pa mpando, lina lili pa khola la nkhuku. Wina amalira atakhalira mtondo kuti mnzake asauyambirire. Lole isanakhote n'komwe pa fakitale, amakhala atayamba kale kulimbirana dimba la mpiru la munthu uja. Zimenezo ndinazizolowera, ndinkangoseka. Kutsanzika kumene sindinaseke ndi kwa amake Lute, mnzanga amene ndinkadyera naye mbale imodzi.

Ine ndi amuna anga tinachoka ku Thyolo mwana woyamba ali kumsana. Tiyi tinkamudziwa kale, tinakulira m'menemo, koma anthu ankati kuno ku Zimbabwe tiyi ndi yemweyo, malipiro ndiye ena. Tinafikira ku Honde, chigwa chotentha chodzaza nthochi, mapiri mbali zonse. Ntchito yake inali yomwe ija: dengu kumsana, kuthyola masamba awiri ndi kansonga, kapitawo akukuwa kumbuyo, madzulo kukafola pa sikelo. Tsiku lina ndinamva mayi wina mu mzere woyandikana nawo akutukwana mavu amene anamuluma, kutukwana kwake kwa kwathu kwenikweni, kosasakaniza ndi Chishona. Ndinaseka mpaka dengu linapendekeka. Anali mkazi wa a Maganga, ochokera ku Mulanje, ndipo kuyambira tsiku limenelo sitinasiyanenso.

Mchere ukatha kwanga ndinkakatapa kwawo osapempha. Ndikachedwa ku sikelo, mwana wanga ankayamwa bere lawo. Iwo ankanditchula achemwali, ine ndinkawatchula amake Lute, potengera mwana wawo woyamba. Kangachepe kamene tinkatumiza kumudzi kankapita ndi munthu mmodzi, mu mpango umodzi. Ntchito itavuta ku Honde tinakwera lole imodzi kubwera kuno ku Chipinge, mabanja awiri ndi mbuzi imodzi ya tonse.

Kuno tinapeza chifunga, kuzizira, ndi dothi lofiira lomata kumapazi. Tinapezanso Simango. Ameneyu ndi Mndau, mwini dziko, ndipo ankakhala nyumba yotsatira yathu. Ankagwira limodzi ndi amuna anga ntchito yopopera mankhwala m'minda. Pakamwa pake panalibe chitseko. Iye sankawatchula dzina amuna anga, ankangoti Bhurandaya, lomwe ndi dzina lonyoza limene eni dziko amatitchula ife a ku Malawi. M'mawa uliwonse ankaima pa mpanda, msuwachi uli kukamwa.

"Iwe Bhurandaya, muka, dzuka! Ukali moyo? Ine ndimati lero tidya nyama ya pamaliro."

"Ndidzayamba ndine kukuika iwe, mphuno ngati bowa," ankayankha amuna anga, kenako awiriwo n'kumapita ku ntchito akuseka.

Ine sizinkandiseketsa. Amake Lute ndiye ankachita kulavula. "Anthu awa alibe mwambo, achemwali," ankatero. "Munthu wamoyo n'kumamutchulira maliro m'mamawa? Amenewa ukafa akhoza kukudumpha pa njira."

Kenako Lute anamwalira. Anali atangofika msinkhu wotunga madzi, malungo anamutenga mosachedwa. Apa ndi pamene munthu amadziwa kuti kuchilendo n'kuchilendo. Kwathu wofedwa sagwira khasu, sasambitsa mtembo, sanyamula bokosi. Zonsezo ndi za adzukulu, anthu a banja lina amene inunso mumawaikira maliro awo. Kumudzi adzukulu umabadwa ukuwapeza. Nanga pa komboni uwatenga kuti? Andau ali ndi awo, a ku Mozambiki ali ndi awo. A Maganga anangokhala pakhonde, manja ali kumutu, mwana akuuma m'nyumba.

Amuna anga sanafunse munthu. Ananyamula khasu lathu la kudimba kupita ku manda a antchito, kuseri kwa mabulugamu, ndipo anakumba mvula ikuwakhuthukira pamsana. Ine ndinamusambitsa mwanayo, ndinamuveka diresi lake la ku tchalitchi. Titaika, a Maganga anaimirira pamaso pa Amalawi onse a pa komboni.

"Kuyambira lero awa ndi adzukulu athu, ife ndife adzukulu awo. Amene ayambe kugwa, mnzake amunyamula. Mwamva nonse."

Tinamvadi tonse. Mwezi utatha a Maganga anakagula khasu latsopano ku tawuni ya Chipinge, nati limeneli ndi la kumanda, lisamapite kudimba, ndipo lizikhala kwawo. Patapita zaka, mng'ono wawo wa a Maganga analumidwa ndi njoka m'munda wa tiyi n'kumwalira. Amuna anga anakatenga khasu lija, anakumba, analitsuka, analibweza. Ife Mulungu anatisunga, sitinawavutitse anthu aja ngakhale kamodzi. Iwo chidzukulu chawo chinali chongokoleka khasu pakhoma.

Zaka zinapita monga zimapitira pa esiteti, mvula ndi chilimwe, dengu ndi sikelo. Inafika nthawi imene ndalama zinasanduka mapepala wamba, tinkadya nthochi zosapsa ndi mapeyala, ndipo chimene chapezeka nyumba imodzi chinkadyedwa nyumba ziwiri. Izo sindikana, tinavutikira limodzi. Ana athu anakula akulankhula Chishona, Chinyanja ankangochimva tikamawakalipira. Anyamata anga awiri anapita wina ku Harare wina ku Joni, mtsikana anakwatiwa ku Mutare. Minda ina ya tiyi anaizula n'kubzalamo mitengo ya mtedza wa makademiya. Amalawi akale ena anatsikira kuli chete, ena anakwera malole, ndipo m'tchalitchi mwathu munayamba kuoneka mabenchi.

Amuna anga anayamba kutsokomola. Zaka zonse zija za mpope kumsana zinawakhala pachifuwa. Ndinapita nawo ku chipatala ku Mount Selinda, amake Lute anandiperekeza. Achipatala anatilandira bwino, anayesa zimene akanatha, koma pomaliza namwino wina wachikulire ananditengera pambali n'kundiuza kuti ndikawasamalire kunyumba, ndiziwapatsa chilichonse chimene akufuna. Amake Lute anali pomwepo, atandigwira dzanja. Anamva ndi makutu awo. Ndikunena izi kuti wina asadzati mwina sankadziwa.

Nthawi yomweyo ndi imene mwana wawo wamwamuna, wa ku Joni, anawamangira nyumba ku Mulanje. Anatumiza chithunzi pa foni: malata, mawindo agalasi, khonde lofiira. Eee, komboni inaona zakuda. Amake Lute ankayenda ndi foni ija m'manja ngati mbale ya chopereka, kuonetsa aliyense, ngakhale wopita kuchimbudzi. Mawu awo onse anasanduka kwathu, kwathu. Kwathu madzi ake ndi okoma, kwathu anthu ake ndi aulemu, kuno n'kutchire. Munthu woti anali ataiwala ngakhale dzina la mtsinje wa kwawo! Anayamba kudzola mafuta onunkhira popita kukathyola tiyi.

Ndinawapeza tsiku lina akumanga mitolo, ndinakhala pansi.

"Amake Lute, dikiraniko mvula ino ithe. Alamu anu mukuwaona mmene alili."

"Iii, achemwali, musamalose zoipa. Alamu achira, Mulungu ndi wamkulu."

"Munamva zimene ananena ku chipatala."

"Anamwino si Mulungu. Komanso nyumba ikakhalitsa yopanda anthu, abale angalowemo. Mukudziwa mmene alili anthu a kumudzi."

Ankalankhula maso ali pa chingwe chimene ankamanga. A Maganga ndiye anasiyiratu kudutsa pakhomo pathu. Bambo wamkulu, mkulu wa mpingo, ankazungulira kuseri kwa zimbudzi kuopa kumva chifuwa cha mnzake. Ndinkawaona pa zenera akunyang'ama, chipewa atachitsitsira kumaso, ndipo ndinkachita manyazi m'malo mwawo.

Tsiku lotsanzika linali Lamulungu, titatuluka m'tchalitchi. Anayala mikeka pakhomo pawo, anagula mabanzi ndi zakumwa zamitundu. Amuna anga anaumirira kuti apite. Ndinawaletsa, anakana, ndiye tinawakhazika pa mpando titawafunditsa bulangeti, anthu awiri n'kuwanyamula. Kunali malankhulidwe. Mlaliki anati a Maganga ndi munthu wosunga mawu, mzati wa Amalawi kuchilendo. Amayi a mvano anaimba nyimbo ya ulendo, akulira, maso ali pa katundu amene anaunjikidwa pakhonde. Amake Lute anayamba kugawa ngati mkazi wa bwana: mtondo kwa uyu, ndowa kwa uyo, nkhuku ya anapiye kwa mkazi wa mlaliki. Aliyense wolandira ankawonjezera kulira.

Kenako anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, nati, "Achemwali anga ndawasungira chapadera."

Analowa m'nyumba, anatuluka ndi chinthu chokulunga m'thumba la feteleza. Anagwada patsogolo panga, amuna anga ali pambali panga, n'kuvundukula. Linali khasu la kumanda lija.

"Ili ndi la tonse, achemwali. Ife kumene tikupita makasu aliko. Lisungeni, lingadzakuthandizeni."

Nyimbo inaduka. Ngakhale ongodzera mabanzi aja anaweramitsa mitu. Mwana wamng'ono wa kwathu amadziwa kuti khasu la kumanda sulowa nalo pakhomo pamene pali wodwala, ndipo suchita kulipereka m'manja mwa mkazi wake dzuwa likuswa mtengo. Kaya unali umbuli, kaya ankafuna kuti katundu achepe pa lole, kaya ankaganiza kuti akatula khasu ndiye kuti atulanso lonjezo, sindidziwa ndipo sindifuna kudziwa. Manja anga anakana kutambasuka. Amene analankhula ndi amuna anga.

"Landira, mayi. Atiuza zoona."

Anayesa kuseka, chifuwa chinawagwira. A Maganga anali akuyang'ana nsapato zawo zatsopano. Ndiye kumapeto kwa bwalo kunamveka mawu a Simango, amene sanaitanidwe koma anali atatsamira mpanda akudya peyala ndi mpeni.

"Heya, Bhurandaya! Vakusiira badza! Akusiyira khasu anzako kuti udzikumbire wekha? Yamba lero, uli ndi mphamvu pang'ono!"

Ndikanakhala ndi mwala pafupi ndikanamugenda. Koma pa anthu onse aja ovala zoyera, ndi iye yekha amene ananena mokweza chimene chinachitika.

Lole itabwera, amake Lute anandikumbatira, kulira kwake kochita kugwedeza mapewa. Ankanunkhira mafuta atsopano aja. Anati sadzandiiwala, anati tidzaonana, anati ndizipemphera. Ine m'maso munali gwa. Ndinangoti, "Muyende bwino," monga mmene umanenera kwa munthu wogulitsa tomato. Zaka zonse zija zinathera pa mawu awiri amenewo, ndipo ndinaona kuti ngakhale awiriwo ndawapatsa ochuluka.

Amuna anga anatisiya chimanga chisanamasule. Kunali m'mawa, ndikuwaphikira phala. Ndinatumiza uthenga kwa ana, ndinatumiza kwa Amalawi a pa komboni. Anabwera, inde, kudzakhala pansi. Okalamba awiri amene ankadziwa mwambo sakanatha kunyamula ngakhale ndowa. Achinyamata, ana a omwe ankalira pa tsiku la mabanzi, ankangoyang'anana. Wina anati kapitawo sangamulole kujomba, wina anati msana, wina anati iye za chidzukulu sazidziwa, anabadwira kuno. Mlaliki anati tiyeni tipemphere kuti Ambuye atsegule njira. Dzuwa linakwera, pemphero linatha, njira sinatseguke. Ana anga akanafika mawa lake, komanso mwana sakumba manda a bambo ake. Ndinakhala m'nyumba ya siwa ndikuyang'ana khasu lija kuseri kwa chitseko, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti ndikakumba ndekha, anthu adzanene mpaka kumudzi kuti ku Chipinge mkazi anakumbira mwamuna wake.

Ndiye panja panamveka kutsokomola. Kunali kutsokomola kwa amuna anga kwenikweni, kokoka ndi kakulira kumapeto, moti tsitsi linandiima. Nditasuzumira ndinaona Simango atavala ovolosi ya amuna anga imene anaichotsa pa chingwe, akuyenda mopendekera ngati mmene ankayendera iwo mpope uli kumsana. Sanapepese maliro, sanavule chipewa. Analowa mpaka pamene panagona mtembo.

"Iwe Bhurandaya, tsotsi! Wathawa ntchito? Unati udzayamba ndiwe kundiika, nanga wagoneranji?" Anatembenukira kwa ine. "Mai, badza riya riripi? Khasu lija lili kuti?"

Ndinamulozera. Analitenga, analiyang'ana mpini, nati khasu laulesi ngati eni ake. Panja panali akamwini ake awiri ndi mapiki. Atafika pakhomo anabwerera.

"Inu Mabhurandaya mutu mumaulozetsa kuti?"

"Kwathu," ndinatero, ndikuloza kumene kuli Malawi.

"Kutali konseko? Afika atatopa."

Mkazi wake ndi amene anandithandiza zotsalazo, ndipo ndi iye anandiuza kuti amuna awiriwa anali masahwira. Kwa iwo sahwira ndi bwenzi limene limakutukwana uli moyo, limakutukwana utafa, ndipo ndi lomwelo limakuika. Kutukwanizana kwa pa mpanda kuja anali atapangana kalekale m'minda ya tiyi, ife akazi osadziwa. Kumanda Simango anaseketsa anthu mpaka mwana wanga wa ku Joni anaseka misozi ili m'masaya, monga mmene amachitira adzukulu enieni a kwathu. Madzulo anabweza khasu lili lotsuka. Pakamwa pake sindipakonda mpaka lero, koma nkhuku ya adzukulu ndinamuphera yonenepa kuposa zonse.

Amake Lute anaimba foni maliro atapita kale. Analira, anati mtima wawo unawauza, anati akanadziwa. Kenako, misozi isanaume, anati, "Achemwali, mukamapita kumanda kwa alamu muziponyako diso pa Lute, udzu ungamere." Ndinadula foni. Manda a Lute ndimalambuladi chaka ndi chaka, koma si chifukwa cha foni imeneyo. Mwana uja ndinamusambitsa ndine.

Ine ndinatsala pa komboni, ndimapalira m'makademiya masiku amene mawondo alola. Za ku Mulanje zinkandipeza zokha, poti nkhani za matchona siziyenda pang'onopang'ono. A Maganga sanadye zokolola zambiri kwawo kuja, anamwalira. Nyumba ya magalasi ija inali itamangidwa pa malo a kuchimuna, ndipo ana a alongo awo a Maganga anangodikira kuti anthu amete. Anauza amake Lute kuti mtchona alibe malo pamenepo, azipita kwawo. Kwawoko anapeza amene ankawadziwa onse ali kumanda, otsala akuwafunsa kuti kodi inu ndinu ndani, bwanji mukulankhula ngati Mzimbabwe. Mwana wawo wa ku Joni uja anali atakwatira, foni yake inasiya kulowa.

Amake Lute anatulukira tsiku lina masana, ndikusenda chinangwa pakhonde. Ndinayamba kuona chikwama chamizeremizere pamutu, kenako munthu wake, wowonda, patapata wina womanga ndi waya. Mafuta onunkhira aja anali atatha kalekale. Anatula chikwama, anakhala pansi pa dothi, osati pa mkeka.

"Achemwali, ndabwera."

"Ndakuonani."

"Kwathu kuja kulibe kwathu. Ndati ndikafere pafupi ndi Lute. Ndilibe wina, achemwali. Ndinu nokha amene mungandiike."

Ndinawapatsa madzi akumwa, poti sindine chilombo. Ndinawapatsanso chinangwa, anadya mothamanga osatafuna bwino. Ndinadikira kuti amalize. Kenako ndinalowa m'nyumba, ndinatenga khasu lija kuseri kwa chitseko, ndinagwada patsogolo pawo bwinobwino monga mmene anandigwadira iwo.

"Ili ndi la tonse, amake Lute. Lisungeni, lingadzakuthandizeni."

Sanafunse chimene ndikutanthauza.

"Alamu anu agona kumanzere kwa Lute," ndinatero. "Kwa Lute n'koyera, ndinalambula. Kwa alamu anu ndinasiya dala chaka chino, kaya ndinkadikira chiyani. Simunawakumbire, kawalambulireni."

"Ndiye mudzandiika, achemwali?"

"Ine ndine mkazi, sindikumba. Amene ankakumbira a kwa Maganga ndi amene mukukawalambulirawo. Pano wokumba ndi Simango, Mndau wopanda mwambo uja. Mukabwerako mukagwade kwa iye, mukamupemphe. Akayamba kukutukwanani, dziwani kuti wavomera."

Anadzuka movutikira, anaika khasu paphewa, n'kulunjika njira ya ku mabulugamu. Simango anali pa mpanda wake, wakalamba tsopano, mano atatha, ndipo anawayang'ana akudutsa osanena kanthu, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita. Ine ndinabwerera ku chinangwa changa. Chigulireni khasu limene lija, aka kanali koyamba kuti munthu wa kwa Maganga alinyamule kupita nalo kumanda.